Tinakayezetsa kadyedwe ka amayi: mafunso a dzulo anathandiza, a chaka chonse anatiphonya

Amene muli ndi kholo lodwala shuga kapena BP kuno ku Thyolo mwina munamva kale kuti pa chipatala china cholipira ayamba kupereka uphungu wa kadyedwe. Sikuti amangoti "chepetsani mchere" n'kukuonetsani khomo ayi. Amakukhazikani pansi, kukufunsani zonse zimene zimalowa m'kamwa mwanu, kuzilemba, kuziyeza, kenako n'kukuuzani pamene pakuvuta. Ine ndinaperekeza amayi anga, omwe akhala akumwa mankhwala a shuga ndi a BP kwa zaka ndithu, ndipo ndikulemba izi kuti amene mukuganiza zopitako mudziwiretu chimene ndalama zanu zikagule. Dzina la chipatalacho sinditchula, chifukwa zina mwa zomwe ndinene ndi madandaulo, pamene mtsikana amene anatithandiza anagwira ntchito yake ndi mtima wonse.

Ndine mphunzitsi wa ku pulayimale, koma pa tchuthi china ndinagwirapo ganyu yofunsa mafunso a kafukufuku wa zakudya m'midzi ya kuno kwathu. Mapepala oterewa si achilendo kwa ine, choncho ndinakhala tcheru kuyambira poyamba. Anagwiritsa ntchito njira ziwiri. Yoyamba ndi yofunsa zimene munthu anadya dzulo lonse, kuyambira podzuka mpaka pogona. Yachiwiri ndi mndandanda wautali wa zakudya, pomwe amafunsa kuti chilichonse mumachidya kangati. Yoyambayo anaichita bwino moti ndalama zathu zinabwerera pomwepo. Yachiwiriyo ndiye ndili nayo mawu.

Chondisangalatsa chinayamba tsiku lokalembetsa. Anatipatsa mbale ziwiri za pulasitiki, ina ya nsima ina ya ndiwo, ndi pepala la zithunzi za zakudya. Anati tsiku loti mawa lake tibwera, amayi adyere m'mbale zimenezi paokha, ndipo mdzukulu azichonga pa chithunzi cha chilichonse chimene anganga ake adya. Amene simunagwirepo ntchitoyi mungaone ngati zachibwana, koma nkhani yonse yagona pamenepa. Kwathu amayi amadya ndi adzukulu awo, nsima mbale imodzi, ndiwo mbale imodzi, manja akusinthana. Mukawafunsa kuti munadya nkhwani wochuluka bwanji, ayankha chiyani? Palibe amene amawerenga mbamu zake pa mbale ya gulu. Njira yopatsa munthu mbale yakeyake ndi zithunzi sanaipeke ndi achipatalachi. Anaikonza akatswiri a zakudya, Rosalind Gibson ndi Elaine Ferguson pamodzi ndi anzawo, ndipo anaiyesa pa amayi a m'midzi ya m'Malawi momwe muno, zotsatira zake n'kusindikizidwa mu 1995. Inakonzedwa ndi anthu amene anaona mmene timadyera nsima ndi ndiwo, n'chifukwa chake imatikhala.

Amayi anang'ung'udza pang'ono. Kudya wekha ana akuyang'ana, kwa munthu wa msinkhu wawo, kumaoneka ngati umbombo. Tinachita kuwanyengerera kuti n'za tsiku limodzi lokha.

Tsiku lofunsidwalo mlangiziyo, mtsikana wa msinkhu wa mwana wanga woyamba, anatseka chitseko n'kuyamba wapempha chilolezo kwa amayi kuti ine ndi mdzukulu tikhale nawo momwemo. Sanafunse kuti "kadzutsa munadya chiyani," funso limene limachititsa munthu kupeka kadzutsa ngakhale sanadye, kuopa manyazi. Iye anati:

"Agogo, tiyambire pamene munadzuka dzulo. Munayamba kuchita chiyani?"

"Ndinasesa pabwalo, mwanangu, kenako ndinapita kudimba. Sindinadye kanthu mpaka masana."

"Kudimbako munanyamuka kukamwa kuli gwa?"

"Aa, tiyi yekha. Ndi kambatata kamodzi."

Sanaseke, sanadzudzule, anangolemba. Akuluakulu athu ambiri tiyi, mbatata, nthochi kapena chimanga chootcha saziwerengera. Ngati nsima sinaphikidwe ndiye kuti sanadye. Wofunsa wa phuma akanalemba kuti m'mawa panalibe kanthu n'kupitirira. Uyu anayenda nawo tsiku lonse potsata zochita zawo: kudimba, panjira pobwerera, kwa anansi, ku Mvano. Ku Mvanoko kunatuluka kapu ya thobwa ndi chitumbuwa. Panjira panatuluka nzimbe imene mnzawo wina anawadulira. Zonsezi amayi poyamba sanazitchule, chonsecho kwa munthu wodwala shuga n'zofunika kuzidziwa chimodzimodzi ndi nsima imene aliyense amaikumbukira.

Atamaliza kutolera, anabwereranso pamwamba ndi mafunso a kaphikidwe. Nsimayo ya ufa woyera, galamilu kapena mgaiwa? Nkhwaniwo wotendera kapena wokazingira? Munathiramo soda? Mafuta anali a m'botolo kapena omanga m'timapepala ta kumsika? Anatulutsa timapepala ta mafuta ta misinkhu yosiyanasiyana kuti alozepo. Apa amayi anasowa choyankha, chifukwa wophika ndi mdzukulu wawo wamkulu. Iyeyo ndiye analoza kapepala n'kunena kuti kanalowa konse mumphika wa banja lonse, ndipo mlangizi anafunsa kuti anadya anthu angati, akulu angati ndi ana angati, kuti apeze gawo la amayi.

Pa tebulo panali kasikelo ka batire ndi poto wa nsima yeniyeni, yothira mchere wambiri kuti isawonongeke msanga. Anawapatsa chipande n'kuti, "Agogo, omolani mitanda yofanana ndi imene munadya dzulo masana." Amayi anaomola itatu, anaiyang'ana, kenako ananyemako kachidutswa pa wachitatu n'kukabweza m'poto, ati kameneko anapatsa kamdzukulu kakang'ono kamene kanawakakamira pamwendo. Mbale inakwera pa sikelo, nambala inalembedwa.

Pa shuga m'pamene ndinaona phindu lenileni la sikeloyo. Amayi anali atanena kuti amathira masipuni awiri okha, ndipo sananame. Koma mlangizi anali atatiuziratu kuti tibweretse kapu ndi sipuni zimene amagwiritsa ntchito kunyumba. Sipuni yake ndi ija yaikulu yodyera phala, ndipo amatapa yosefukira. Atatapa kawiri, sikelo inaonetsa magalamu oposa 30. Tiyi amamwa m'mawa ndi madzulo. Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO limati shuga wothira m'zakudya ndi m'zakumwa asafike gawo limodzi mwa magawo 10 a mphamvu zimene munthu amapeza pa tsiku, womwe kwa munthu wamkulu ndi pafupifupi magalamu 50. Amayi anali atadutsa kale ndi tiyi yekha, thobwa lisanawerengedwe, ndipo amenewo ndi malire a munthu wopanda matenda. Zaka zonsezi akafunsidwa kuti "shuga munachepetsa?" amayankha kuti "eya, masipuni awiri basi," nkhani n'kuthera pomwepo.

Iwo sanagonje msanga. "Koma pa wailesi anati shuga wathu ali ndi vitamini," anatero. Mlangizi anavomera kuti n'zoona, shuga wa m'mapaketi m'dziko muno amathiramo vitamini A, monganso mafuta ophikira, koma anawakumbutsa kuti vitamini yemweyo ali mu nkhwani, maungu, papaya, mango ndi mbatata yofiira mkati, zomwe zili pakhomo pawo pomwe. Anawayankha ngati munthu wamkulu woti akhoza kumva chifukwa chake, osati kungowalamula. Zimenezi zinandigwira mtima.

Pomaliza anawawerengera tsiku lonse mokweza kuti akonze pamene palakwika, ndipo m'pamene amayi anakumbukira mtedza wokazinga umene anatafuna akumvera wailesi usiku. Zonse zinatenga pafupifupi ola lathunthu.

Njirayi ili ndi polekezera, ndipo mlangiziyo ananena yekha tisanafunse. Tsiku limodzi si moyo wonse wa munthu. Kuweruza kadyedwe ka munthu ndi dzulo lokha kuli ngati kuweruza munda wonse wa tiyi poona dengu limodzi la wothyola. N'chifukwa chake anatipempha kubweranso Lolemba lina, kuti afunse za Lamulungu, tsiku limene m'makomo ambiri mumakhala mpunga kapena kankhuku. Ofufuza osamala amachita chimodzimodzi: amabwereza mafunso a dzulo masiku osatsatizana, lina la mkati mwa sabata lina la kumapeto.

Tsopano pepala lachiwiri lija. Linali la masamba angapo, m'Chingerezi, mzere uliwonse chakudya chimodzi, ndipo kutsogolo kwake mabokosi ochonga: sindidya, kamodzi pa mwezi, kamodzi pa sabata, kangapo pa sabata, tsiku lililonse, kangapo pa tsiku. Funso lake linali loti m'chaka chapitachi, mukaphatikiza zonse, chakudyachi munachidya kangati. Mapepala a mtundu uwu ali ndi ntchito yake ndipo sindikuwanyoza. Anatchuka ndi kafukufuku wa ku yunivesite ya Harvard ku America, komwe mu 1980 a Walter Willett ndi anzawo anatumiza mndandanda wa zakudya 61 kwa anamwino zikwizikwi, n'kumawatsata zaka zambiri kuti aone amene akudwala chiyani. Kumeneko cholinga chake n'kusiyanitsa gulu la odya kwambiri chinthu china ndi gulu la odya pang'ono, motchipa, pa anthu ochuluka. Si kuyeza magalamu a gogo mmodzi wa ku Luchenza. Komanso anamwinowo amagula chakudya m'masitolo momwe zambiri zimapezeka chaka chonse. Ife timadya zimene nyengo yabweretsa.

Taganizani funso loti "mango mumadya kangati." Kuyambira Novembala mpaka Januwale amayi akhoza kudya asanu pa tsiku, ongotola pansi. Mu Juni sawaona n'komwe. Achonge bokosi liti? Mapeyala chimodzimodzi, bowa chimodzimodzi, ngumbi zimabwera ndi mvula yoyamba n'kupita. Nandolo wamuwisi amadyedwa pafupifupi tsiku lililonse pa nyengo yake, kenako timatembenukira kwa wouma, ndipo pofika Januwale ndi Febuluwale m'makomo ambiri watha, nsima nayo yachepa, anthu ali pa makaka ndi masamba. Pali nyengo inanso imene pepalalo silikuidziwa, ya malipiro. M'mabanja ambiri odalira ntchito ya m'maesiteti, ngakhale kwathu kwa aphunzitsi, masiku oyamba mutalandira mumakhala nyama ndi mafuta okwanira. Masiku otsiriza ndi bonya, soya ndi mpiru wowiritsa. Kuphatikiza zonsezi m'mutu n'kutulutsa yankho limodzi ndi masamu ovuta ngakhale kwa ine amene ndimaphunzitsa masamu.

Pa nthochi amayi anayankha mosakayika kuti tsiku lililonse. Mdzukulu anandiyang'ana. Chiyambire pamene matenda a chisaka anapululutsa nthochi kuno ku Thyolo, phata lathu la kuseri kwa nyumba linatha, ndipo masiku ano nthochi timachita kugula apo ndi apo. Amayi sanali kunama. Amayankha za Thyolo amene anakuliramo, wa nthochi zodzaza malole opita ku Blantyre. Funso la dzulo silipereka mpata wotere, koma la chaka chonse limatsegula khomo kuti zakale zilowerere.

Mndandanda weniweniwo unaoneka kuti unachokera kwina n'kungosinthidwa pang'ono. Munali tchizi, soseji, yogati ndi zina zimene amayi sanazilawepo. Koma kalongonda munalibe. Kuno kwa Alhomwe, pafupi pomwe ndi Chonde kumene anthu amakadya kalongonda pa chikondwerero cha Mulhako, pepala lofunsa zakudya lilibe kalongonda! Makaka munalibe, futali munalibe, chigwada ndi kholowa anaziika pamodzi pa mzere wa "masamba ena." Nsomba zonse zinali mzere umodzi, chonsecho usipa ndi bonya timadya ndi mutu ndi minga yomwe, momwe muli kashiamu wolimbitsa mafupa, pamene chambo timasiya minga m'mbale. Nkhwani wotendera sanadziwe pomuika: akamuika pa masamba, nsinjiro ikusowa, akamuika pa mtedza, masamba akusowa. Mlangizi anayesetsa kulemba zoterezi m'mphepete mwa pepala, koma anavomera kuti pulogalamu ya pa kompyuta imene imawerengetsa imangotenga zimene zili m'mabokosi.

Chifukwa pepalalo linali la Chingerezi, amachita kumasulira mzere uliwonse pakamwa. Iye anamasulira bwino, koma ndikudziwa kuchokera ku ganyu yanga ija kuti ofunsa asanu akamamasulira aliyense payekha, mumakhala mwafunsa mafunso asanu osiyana. Pofika tsamba lomaliza amayi anali atatopa, akungoti "eya, nthawi zina" pa chilichonse, maso ali pakhomo. Mayankho a munthu wotopa ndi osadalirika, ngakhale achongedwe mwaukhondo bwanji.

Pali chinanso chimene mapepala onse a zakudya amalimbana nacho kuno kwathu, ndipo ndinachiona ndi maso m'midzi. Munthu wonyamula pepala ndi cholembera akafika pakhomo, ena amaganiza kuti akulemba mayina a chithandizo, makamaka m'madera amene anavutika ndi namondwe wa Freddy mu 2023, ndiye amayankha kuti sabata yonse sanadye ndiwo. Ena amachita manyazi ndi mlendo, n'kunena kuti nyama amadya kawiri pa sabata pamene anaidya komaliza pa Khirisimasi. Enanso mukawauziratu kuti mubwera mawa, amapha nkhuku kuti mukamve zabwino. Sindiwaimba mlandu, ndi njala, ulemu ndi kuchereza alendo. Koma wofunsa ayenera kuchotsa maganizo amenewa asanayambe. Mlangizi wathu anachita zimenezi bwino: "Agogo, pano palibe yankho lokhoza kapena lolakwa, ndipo palibe chimene mulandire kapena kulandidwa. Ndikungofuna ndidziwe mmene mumadyera masiku onse."

Zotsatira anatipatsa pa ulendo wa Lolemba uja. Anatiuza kuti powerengetsa michere amagwiritsa ntchito buku la zakudya za m'Malawi limene linatuluka mu 2019, lomwe a yunivesite ya zaulimi ya LUANAR anatenga nawo mbali polikonza. Lisanatuluke, ofufuza amadalira kwambiri manambala a mayiko ena. Pofotokoza sanatilemetse ndi manambala. Anagwiritsa ntchito magulu asanu ndi limodzi aja amene aliyense anawamvapo kusikelo ya ana: zokhutitsa, zanyama, zanyemba, zamasamba, zipatso ndi zamafuta. Ndinamufunsa za njira ya bungwe loona za chakudya ndi ulimi la FAO yowerenga magulu 10 a zakudya, yomwe imati mayi adye kuchokera m'magulu osachepera asanu pa tsiku, chifukwa ndi imene tinkagwiritsa ntchito ife. Anayankha kuti imeneyo inakonzedwera amayi a zaka 15 mpaka 49, ndiponso ndi yoyezera gulu osati munthu mmodzi, choncho sangaiike pa agogo. Anakhoza, ndipo yankho limenelo linandipatsa chikhulupiriro pa zina zonse zimene ananena.

Pa mchere ananenanso chilungamo. Mafunso sagwira bwino mchere, chifukwa wophika amangotsina n'kuwaza, ndipo wina umabisala mu nsomba zouma, buledi ndi tizokometsera ta m'mapaketi. Njira yodalirika ndi yoyeza mkodzo wonse wa maola 24, imene pa chipatalachi sachita. Iye anangofunsa kuti paketi ya mchere imatha masiku angati pa anthu angati, n'kutiuza kuti malire a WHO ndi magalamu osafika 5 pa tsiku, pafupifupi kasipuni kakang'ono kamodzi, ndipo kuti zikuoneka kuti tadutsa. Ananenetsa kuti kumeneko n'kuyerekeza chabe.

Malangizo ake anali otheka pa thumba lathu. Shuga wa mu tiyi achoke pang'onopang'ono mpaka atheretu. Mitanda itsike, ndiwo zamasamba zichuluke, nandolo ndi nyemba zibwere pafupipafupi, mgaiwa ulowe m'malo mwa ufa woyera. Zipatso adye zathunthu koma mwa muyeso, osati mbale yonse ya mango nthawi imodzi. Mankhwala asasiye, ndipo kusintha kulikonse kwa mankhwala n'kwa adokotala. Sanatigulitse ufa wa m'chitini kapena mapiritsi a mavitamini, zimene ndinkaopa kuti ndiko kuthere nkhani. Ndaonanso kuti malangizo onsewa anachokera pa masiku awiri a mafunso a dzulo ndi sikelo ija. Pepala lalitali lija silinaonjezerepo kanthu kooneka.

Zodandaula zina ndi zazing'ono koma zoona. Mlangizi ndi mmodzi yekha, ndiye pa benchi tinakhalitsa, ndipo munthu wodwala shuga kumudikiritsa nthawi yaitali asanadye n'koopsa, nyamulani kachakudya. Mtengo sunalembedwe paliponse, ndipo sanatiuziretu kuti ulendo wa Lolemba uja ulinso ndi malipiro ake. Kwa munthu wochokera ku Thekerani kapena ku Makwasa, mukaphatikiza thiransipoti ya anthu awiri kupita ndi kubwera kangapo, si ndalama yochepa. Pepala la zotsatira linatulukanso m'Chingerezi; mtsikanayo anachita kulemba Chichewa ndi dzanja kuseri kwake kuti mdzukulu azitsatira pophika.

Ndinamupempha kuti akauze akuluakulu ake zinthu ziwiri. Mndandanda uja aulembenso m'Chichewa atayendera misika ya Bvumbwe, Luchenza ndi Limbuli n'kuona zimene anthu akugula, aikemo kalongonda, makaka, futali ndi nsomba zazing'ono pa mzere wakewake. Ndiponso asiye kufunsa za chaka chonse, azifunsa za masiku asanu ndi awiri apitawa, monga amachitira a bungwe la chakudya la WFP akamayeza kadyedwe ka mabanja, n'kubwereza nyengo ikasintha. Analemba zonse m'kabuku kake, ndipo anatiuza kuti tidzabwerenso nthawi ya mango kuti adzaone mmene zidzakhalire.

Kodi mupite? Ngati muli ndi wodwala shuga kapena BP amene manambala ake sakutsika ngakhale akumwa mankhwala, pitani. Funsani mtengo wa maulendo onse musanalembetse. Dzulo lake musasinthe kaphikidwe, ndipo musasankhe tsiku lotsatana ndi ukwati, chinkhoswe kapena maliro. Tengani kapu, sipuni ndi chipande cha pakhomo panu, ndipo amene amaphika asatsale, chifukwa mafunso a mafuta, mchere ndi soda woyankha wake ndi iyeyo.